Tomato Wosaphika wa Mayi Melissa

Inakwana sabata yachitatu Mayi Melissa akungokankha mbale. Anali a zaka 84, obadwira ku Greece, ndipo Evelina ndiye ankawasamalira kunyumba kwawo ku South Bend. Thupi linkangotha. Mwana wawo wamwamuna anali atanena kale kuti sikelo ikatsikanso pakutha pa mwezi, awapititsa kunyumba yosungirako okalamba. Mayiwo atamva analira, naye Evelina mtima unamuwawa.

Chodabwitsa n'chakuti tsiku lililonse ankaitanitsa tomato, anyezi ndi nkhaka. Evelina, poti ndi mwana woleredwa bwino, ankakazinga zonsezo mpaka zipse. Kwathu munthu wamkulu sum'patsa zaziwisi ngati mbuzi. Mayiwo ankangonunkhiza n'kutembenukira kukhoma.

Shadrick, mwamuna wa Evelina, sasowa nzeru ngakhale pa zimene sakuzidziwa. Anati nkhalamba ili ngati mwana, angowakakamiza phala basi. Phalalo linathera pansi.

Zitafika pamenepo, Evelina anaimbira Tusekele, mnzake wa kutchalitchi amene ndi namwino ku Indianapolis. Tusekele anaseka mpaka kutsamwa.

"Achemwali, mukuwapha ndi ulemu. Mayiwo akufuna saladi ya kwawo, ndipo siiona moto."

Anamufotokozera kuti ndi chakudya cha alimi a ku Greece, chimene ankadya ndi buledi m'nyengo yotentha, tomato atapsa m'minda. Umadula tomato ndi nkhaka zikuluzikulu, n'kuikamo anyezi wofiira ndi tizipatso totchedwa maolivi, pamwamba n'kukhazikapo chibenthu cha tchizi choyera chotchedwa feta, kenako n'kuthira mafuta a maolivi. Anati masamba osaphika amasunga vitamini C amene moto umawononga, ndipo mafuta ndi tchizi zimabwezeretsa thupi. Anamuchenjeza kuti atsuke zonse bwinobwino, asawonjezere mchere chifukwa feta ndi maolivi ali nawo kale, komanso ayambe wafunsa dokotala wa mayiwo. Dokotalayo anavomera.

M'mawa mwake Evelina anapereka mbale ya saladiyo mwamanyazi. Mayi Melissa anayang'ana, n'kumudzudzula kuti nkhaka waidula mopyapyala. Kenako anadya. Ananyema buledi, n'kupukuta nayo msuzi wonse wa tomato ndi mafuta, mbale kuti mbee.

Tsiku lokwera sikelo, mwana wawo anafika ndi mapepala a kunyumba ya okalamba. Anapeza mayi ake ali patebulo, mpeni m'manja, akuphunzitsa Evelina kadulidwe ka nkhaka. Sikelo inaonetsa kuti awonjezera mapaundi atatu, pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka.

"Mapepala akowo ukayatsire moto," anatero mayiwo. "Ine m'nyumba mwanga muno sindichoka. Khala pansi udye."

Evelina analephera kudzigwira, anaimba nthungululu m'khitchini mwa eni ake.

Phunziro: Wodwala akamakana chakudya, tim'funse chimene amadya kwawo ndi mmene amachikonzera. Masamba osaphika, akatsukidwa bwino, si chipongwe koma ndi thanzi.