Ndinangomva Kulira kwa Injini

Lachisanu ndinadzuka m'mamawa, n'kuchapa zovala za mwana wanga Jouri, kuphika mpunga wa paulendo, kuthira khofi mufulasiki, kenako kukasiya makiyi kwa apongozi. Tinanyamuka kwathu ku Hofuf kupita ku Bahrain kukaonera mpikisano wa magalimoto. Malemu bambo anga, omwe anali makaniko, ankandilonjeza ulendo umenewu ndili mtsikana, ndisanasiye sukulu.

"Iwe ndi injini!" anaseka amuna anga, a Mishal. "Akanangokukwatitsa kwa lole."

"Lole sikanaiwala botolo la mwana," ndinawayankha.

Lamlungu titangokhala pansi m'bwalo la mpikisano, magalimoto anayamba kubangula. Jouri anavula zotseka m'makutu zake n'kuyamba kulira mosatonthozeka. Ndinamunyamula kuti ndituluke naye.

"Tizisinthana," anatero a Mishal, maso ali kumsewu.

Ndinakaima kuseri kwa mipando, pafupi ndi ogulitsa zakudya, ndikumugwedeza mwana paphewa. Pansi pankanjenjemera. Ndinkamva galimoto iliyonse ikusintha magiya pokhota, koma kutsogolo kwanga kunali khoma lokhalokha.

Patapita nthawi yaitali, a Mishal anatulukira thukuta lili kamukamu. "Pepa, make Jouri, ndinatengeka. Thamanga!"

Ndinakwera masitepe nditakwinya mkanjo wanga m'manja. Ndinapeza mpikisano utatha. Magalimoto ankadutsa pang'onopang'ono ngati a paukwati, oyendetsa akubayibitsa anthu.

Ulendowo unadya ndalama zomwe tinkasungira makina ochapira atsopano, komanso nsapato imodzi ya Jouri inatsala komweko. Zovala ndikuchapabe pamanja, ndipo magalimotowo ali pa liwiro sindinawaonebe.