Azakhali Ivy Sanafunsidwe

Manja khumi ndi asanu ndi anayi anali m'mwamba pamene Glenys Napurrurla anaika cholembera pansi.

"Watiwerenga kale, mwana iwe," anatero amalume ake, a Hector Japaljarri. "Kapena kuofesi kwanuko amakuphunzitsani kuwerenga anthu kawiri ngati ng'ombe?"

Anthu anaseka, manja n'kutsika. Anali atakhala pansi pa shedi ya malata m'mudzi wa Yarlkiri kuyambira m'mawa, ntchentche zili ng'waa, ndipo michira ya kangaruu inali itapsa kale m'phulusa. Kampani yokonza msewu inkafuna kukumba miyala kuseri kwa phiri lofiira. Malowo ankasungidwa ndi bungwe la malo a makolo, kumene Glenys ankagwira ntchito, koma lamulo silinkalola bungwelo kuvomera lokha. Linkayenera kufotokozera eni malo m'chinenero chawo, iwo amvetse, avomere. M'munsi mwa fomu munali mzere woti Glenys asaine kuti onse oyenera afunsidwa.

Declan, loya wa bungwe, anamunong'oneza. "Chavuta n'chiyani? A kampani akudikira foni yanga. Mvula ikangoyamba makina awo achoka."

"Azakhali Ivy palibe," anatero Glenys.

A Ivy Nakamarra anali mchemwali wa malemu bambo ake. Impso zawo zinasiya kugwira ntchito, ndipo zaka ziwiri tsopano ankakhala m'tauni ya Alice Springs, kumene makina ankawatsuka magazi katatu pa sabata. Glenys anayang'ananso mapu. Mzere wofiira wa kampani unkakhudza chitsime cha m'thanthwe kumene azakhaliwo anapita naye atangokula. Anali malo a akazi, osatchulidwa pamaso pa amuna. Amayi atatu achikulire amene anakhala kumbuyo sanakweze manja, sanakanenso. Anangoweramira pansi, chifukwa woyenera kulankhulira chitsimecho anali mmodzi yekha.

A Hector anaimirira. "Ivy yemweyo ndi amene akulirira kwawo tsiku ndi tsiku! Galimoto ya makina a impso ikukana kubwera kuno chifukwa cha maenje a mumsewu. Tikukonzera iyeyo njira, iwe ukuti tiyambe tamufunsa? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wa mlongo wanga."

"Amalume, inu ndinu osamalira malo ano, koma mwini wake ndi azakhali. Munandiphunzitsa ndinu zimenezo," anatero Glenys. "Ndikasaina apa, ndanama."

"Ndiye bungwe lanulo ndi la ife kapena la mapepala?"

Declan anapukuta thukuta. "Akunena zoona Glenys, bambo. Mwini malo mmodzi akadzadandaula kuti sanafunsidwe, chilolezo chonse chigwa."

Anthu anabalalika akung'ung'udza. Palibe anamuitana Glenys kuti adzadye.

M'mawa mwake, Lachisanu, Glenys anayendetsa galimoto makilomita mazana anayi kupita ku Alice Springs. Anawapeza azakhali pakhonde la nyumba ya odwala, atafunda bulangeti dzuwa likuswa mtengo. Anawayalira mapu pamiyendo.

"Ichi n'chiyani, nsalu ya patebulo?" anafunsa a Ivy. "Dziko langa sindilidziwira papepala ine. Unditenge ndikaponde."

"Azakhali, ulendowu ndi wautali. Mungonena kuti inde kapena ayi."

"Ndinene inde pa chinthu chimene sindinachione? Safunsa anadya phula. Nanga iwe wabwera kudzandifunsa kapena kudzatola dzina langa?"

Namwino anamukokera Glenys pambali. "Lolemba seveni koloko akhale ali pa makina. Mukachedwa tsiku limodzi lokha, madzi awadzaza m'mapapo. Wandimva?"

Glenys anamva. Njira yonse ya Loweruka maso ake ankachoka pamsewu n'kupita kumpoto, kumene mitambo inali kuunjikana. Pakati pa tauni ndi Yarlkiri panali mitsinje youma itatu, ndipo umodzi ukadzaza munthu ankatha kudikira sabata yathunthu. Galimoto ikagwa m'dzenje, azakhali ankabuula pang'ono, iye n'kudzifunsa ngati sakuwapha chifukwa cha mzere umodzi wa pafomu.

Lamulungu m'mawa anasonkhana patsinde pa phiri. Amuna onse, ndi Declan yemwe ndi injiniya wa kampani, anatsala pa magalimoto atapereka msana. Akazi anakwera pang'onopang'ono, a Ivy atatsamira pa phewa la Glenys, akupuma pakapita masitepe khumi alionse. A Ivy anayamba kuimba, kuitana dziko lawo mokweza, kulidziwitsa kuti afika, ndipo amayi atatu aja anayankha nyimbo. Atazungulira thanthwe, nyimbo inadukira pakamwa. Zikhomo za kampani, zomangidwa timaliboni, zinali zitakhomedwa pafupi kwambiri ndi chitsime, pomwe munthu angafike ndi mwala wogenda.

A Ivy anakhala pansi. Anatunga madzi m'dzanja, kunyowetsa milomo yokha, popeza madokotala anawaletsa kumwa kwambiri. Glenys anayang'ana mapazi awo amene anali atayamba kutupa.

Atatsika, a Ivy analunjika kwa injiniya. "Apa ayi, mwana wanga. Usandifunse chifukwa. Tsidya la mtsinje, kupitirira mitengo itatu yoyera ija, kumbani mpaka mutatopa. Miyala ya kumeneko ndi yabwino, amuna athu ankapangira mipeni."

Glenys anamasulira. Injiniyayo anakanda m'mutu. Anati malo atsopano ayenera kuyesedwa kaye, masabata asanu ndi limodzi, ndipo makina sangadikire. Msewu ukonzedwa chaka chamawa, mvula ikatha.

"Wamva, mlamu?" anatero a Hector, nkhope itagwa. "Chaka china uli m'tauni. Ndipo ndi thupi lakoli, ndani akudziwa ngati..." Sanamalize.

"Ndamva, Japaljarri, makutu sanafe, zafa ndi impso," anayankha a Ivy. "Koma nditabwera pa msewu wosalala n'kupeza chitsime chaphwanyidwa, ndingati ndabwerera kuti?"

Declan anafunsa eni malo onse ngati akuvomera tsidya la mtsinje, ndipo ulendo uno amayi atatu aja ndi amene anayamba kukweza manja. Glenys analemba zimene zinagwirizanidwa atatsamira pa boneti.

Ankawamangira azakhali lamba pampando pamene dontho loyamba linagwa pa galasi. Kenako lachiwiri, lalikulu. Kumpoto kunali kutada bii.

A Hector anabwera ndi chingwe chokokera galimoto ndi fosholo, n'kuziponya kumbuyo kwa galimoto yawo. Sanamuyang'ane mphwawoyo.

"Nditsogola ine," anatero. "Ukhale pambuyo panga. Ukaona ndaima pamtsinje, usawoloke mpaka nditaponda madziwo ndi mapazi anga."

Analiza injini, ndipo Glenys anawatsatira.