Mawu a Madamu mu Gulupu ya Matemba

Madamu Getrude anayang'ananso foni. Uthenga umene anatumiza kwa a Jafeti m'mawa unali ukadali ndi kachongi kamodzi kotuwa, kusonyeza kuti sunafike n'komwe. Anaiika patebulo, n'kuitenganso. Anatuluka pakhonde la kalasi pamene netiweki imagwira bwino, anaimba, koma nambala sinkapezeka.

Ojambula zithunzi za ziphaso za mayeso a Sitandade 8 anali atasintha tsiku mwadzidzidzi. Abwera mawa m'mawa, anatero ahedi, ndipo akachoka sabwereranso. Wopanda chithunzi alibe chiphaso, wopanda chiphaso salemba mayeso. Ana onse anadzimvera okha m'kalasi kupatula Ulemu, mwana wa a Jafeti, amene anali pachilumba cha Chisi kuthandiza mayi ake omwe anali atangobereka kumene. Banja lonselo foni inali imodzi, ndipo inali ndi a Jafeti kuchimbowera, kamsasa koyandama kamene asodzi amagonamo pakati pa nyanja.

Gulupu ya makolo ya pa WhatsApp anaiyambitsa ndi Madamu omwewo. Popeza makolo ambiri kuwerenga kumawavuta, iwo ankatumiza mawu ojambula, ndipo ankayamba mwaulemu wake: moni kwa abambo ndi amayi, kufunsa za ana, za mpunga, za odwala, kenako nkhani. Lero anatumiza kawiri. Ena anayankha ndi chithunzi cha manja opemphera, ena anaponyamo kwaya. Kuchokera kwa a Jafeti kunali zii.

Ana ataweruka, Madamu sanakafike ndi kunyumba komwe. Anakwera kabaza wopita kudoko la Kachulu, poganiza kuti mwina apeza munthu wowoloka womutuma. Anapeza boti ya injini itapita kale, ndipo mphepo ya mwera inali itayamba kutukula madzi. Anayenda uku ndi uku pakati pa mathandala a nsomba, nsapato zikumira m'matope, akufunsa aliyense. Wopita ku Chisi panalibe.

"Madamu, mwabwera kudzagula kapena kudzatilembetsa sukulu?"

Anali a Amidu, ogula nsomba zopita nazo ku Zomba, amenenso mwana wawo anali pasukulupo. Anali atakhala pa dengu lovundikira, foni ili pakamwa.

"Ndikufuna a Jafeti, bambo a Ulemu. Uthenga wanga wa mu gulupu simunaumve?"

"Gulupu yanu ija ndinaitseka pakamwa kalekale. Maluwa a m'mawa, makwaya, maulaliki, bandulo yonse kuthera pomwepo. Dikirani kaye, anthu anga akudikira mtengo."

Anadina foni n'kunena mtengo wa matemba a lero mu gulupu yawo ya asodzi, mwachidule ngati akuthamangitsidwa. Posakhalitsa mayankho anayamba kugwa kuchokera kunyanja, mawu a amuna osakanikirana ndi mphepo. Wina anati a Amidu ndi mbava yovala chipewa. Wina anati matembawo bola adye yekha. Kenako panamveka mawu okhuthala, odekha: "Uzani bwana wanu wa ku Zomba kuti nafenso tili ndi ana."

Madamu anagwira mkono wa a Amidu. "Amenewo ndi a Jafeti!"

"Ndi iwowo, koma foniyo ndi ya Enoki, msodzi mnzawo. Yawo inatha moto kale. Chimbowera chonse amaunjikana pa imodzi yomweyo, amve mtengo, azimitse."

"Ndipatseni nambala ya a Enokiwo."

"Nambala yachilendo satsegula. Ndipo ndikangonena wa mlamba, basi, mpaka mawa."

"Ndiye musanene kaye. Ndiyambe ine, inu mumalize ndi mlamba wanuwo."

A Amidu anaseka mpaka chipewa chinagwa. "Gulupu ya matemba yasanduka kalasi! Chabwino. Koma moni wanu wautali uja ayi, Madamu. Mukayamba kufunsa za mpunga ndi agogo, adumpha."

Anadina n'kuyamba okha: "Mtengo wa mlamba uli kumapeto, woudumpha adya mutu wake. Mverani kaye awa." Anawasunthira foni.

Madamu anailandira. Kuyankhula ndi bambo wamkulu popanda moni, pamaso pa amuna anzake, sanazichitepo chibadwire. Anatseka maso.

"A Jafeti, ndine Madamu Getrude. Ulemu afike kusukulu mawa m'mawa, akujambula zithunzi za mayeso. Akaphonya salemba chaka chino. Chonde kamutengeni ku Chisi."

A Amidu analanda foni n'kumaliza ndi mlamba wawo.

Anadikira. Madamu anakhala pa dengu, anadzukanso. Yankho loyamba linali la munthu wofunsa ngati Madamu amagulanso nsomba za makumba. Lachiwiri linali phwete lokhalokha. Lachitatu ndiye linali la a Jafeti.

"Tamva, Madamu. Koma mwerawu mukuuona? Tiona mmene kuchere."

Kenako foni ya Enoki inazima.

M'mawa mwake mphepo inali isanaleke. Ojambula anafika dzuwa lisanatenthe, anapachika nsalu yoyera pakhoma la kalasi, ana n'kufola. Madamu anaima kumapeto kwa mzere, maso kumsewu wa ku Kachulu. Mzere unkafupika mofulumira kuposa mmene ankafunira. Anayamba kubweza ana: uyu kolala yapindika, uyu akasambe kumaso, uyu apesenso tsitsi.

"Madamu, anawa sakupita kuukwati," anatero wojambula, mnyamata wa jekete lachikopa. "Tili ndi sukulu zina."

"Chithunzichi adzakhala nacho mpaka kalekale, achimwene. Musawathamangitse."

Mwana womaliza anakhala pampando, anajambulidwa, anadzuka. Wojambula anayamba kumasula nsalu yake. Madamu anayang'ana foni, osadziwa chomwe akufunamo. Anayang'ananso kumsewu. Kunali mbuzi ndi amayi osenza mitolo ya mpunga.

Ana ndi amene anayamba kukuwa. Kabaza ankabwera akuliza belu, ndipo kumbuyo kunali Ulemu, chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno, milomo itatuwa ndi kuzizidwa.

"Bambo atsala kudoko, akukapa madzi m'bwato," anatero akutsika. "Koma yunifomu ili kunyumba, Madamu."

"Chimwemwe, thamanga naye kuseri, umubwereke bulauzi yako. Achimwene, nsaluyo ibwezereni."

Wojambula anang'ung'udza, koma anaipachikanso. Ulemu anakhala pampando, pamwamba mwana wasukulu, pansi madzi a m'nyanja akudonthera pasimenti.

"Usanjenjemere, iwe. Yang'ana kuno."

Madzulo ake foni ya Madamu inayamba kulira mosalekeza. A Amidu anali atawalowetsa mu gulupu ya matemba osawafunsa. Anamvetsera mitengo, matukwano ndi mphepo, mpaka anafika pa mawu okhuthala aja.

"Madamu, mwanayo wajambulidwa?"

Anadina foni, anatsegula pakamwa kuti ayambe ndi moni, n'kudzigwira.

"Wajambulidwa, a Jafeti. Zikomo."