Inki Yofiira ya Nelly

"Ndikadzatsogola ine, mabukuwa asadzapse. Lumbira." Nelly ananena mawuwa pa siteji ya basi ku Chiweta zaka makumi atatu zapitazo, tsiku limene mng'ono wake Isabella ankanyamuka kupita ku Ulaya. Isabella analumbira akuseka, poti pa msinkhu umenewo imfa inali nkhani ya anthu ena. Atafika uko anapitiriza kumutumizira ena, awiri pa Khirisimasi iliyonse, m'malo mobwera yekha.

Tsopano Nelly anali atagona kumanda masiku awiri, ndipo bokosi lake lachitsulo linali chitsegulire pakati pa chipinda. Mlongo wawo Hezron, mkulu wa mpingo, ananyamula buku limodzi ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Pachikuto panali mzungu wotuwa, mano ake akuthwa ali pakhosi pa mkazi wa diresi loyera, kumbuyo kwawo kuli chinyumba chamiyala.

"Ichi n'chiyani, adumbu?" anafunsa Isabella, akumutchula mlongo m'Chitumbuka cha kwawo.

"Nkhani zachikondi za makedzana, basi. Azungu amawerenga m'sitima akamapita kuntchito."

"Kuno kulibe sitima." Hezron analiponya m'bokosi. "Mawa tigawa katundu. Chilichonse cha malemu chiyalidwa pamphasa, pabwalo, mudzi wonse ukuona. Kapena mwambowo munauiwalanso?"

Isabella sanauiwale. Chimene sanachizindikire ndi mudziwo. M'maganizo mwake anali atasunga Rumphi wa ana asukulu oloweza ndakatulo ndi aphunzitsi ovala tayi ngakhale kutenthe chotani. Amene anamupeza anali wa mphekesera za anamapopa, anthu oti amayenda mwakabisira kupopa magazi a anzawo. Njira yochokera kumsewu waukulu inali itatsekedwa ndi miyala, anyamata a zibonga akusecha chikwama cha aliyense. Sabata yapitayo anamenya munthu wina mpaka kukomoka atamupeza ndi tochi ndi kapaipi kokokera petulo.

Ndipo Nelly, moyo wake wonse, ankagwira ntchito yotenga magazi a odwala kuchipatala.

"Mabukuwa ndiwanyamula m'sutikesi yanga," anatero Isabella. "Akapse kuti? Ndipita nawo."

"Mudutsa nawo pati? Anyamata aja pobwera anakutulutsirani mpaka zovala zamkati. Akaone chithunzi ichi, akumbukire kuti mukuchokera m'nyumba ya yani."

"Ndiye tikhale akapolo a umbuli? Bambo athu ankaphunzitsa Chilatini m'dera lomweli."

"Chilatinicho mukachilankhule pamiyala paja," Hezron anayankha motsitsa mawu, pakuti kuseri kwa chitseko azimayi a mpingo anali kuimba. "Inu Lachisanu mukwera ndege. Otsala ndife."

Lusungu, mwana yekhayo wa Nelly, anali chilili pawindo nthawi yonseyi. Nayenso ankagwira ntchito ya mayi ake, pakachipatala kakang'ono ka kufupi ndi Chitimba. Analankhula kwa Isabella osatembenuka.

"Amama, dzana kumanda ndinapatsa moni mayi wina amene ndinamuyeza magazi mwezi watha. Anakoka mwana wake n'kumubisa kumbuyo."

"Anali ndi chisoni chabe."

"Akuti amayi sanafe ndi shuga ayi. Akuti magazi a anthu anawachulukira m'thupi."

Isabella anagwada n'kuyamba kufukula m'bokosimo kuti manja apeze chochita. Pansi pa mabuku panali makope asanu ndi awiri omangidwa ndi bandeji yakale. Anamasula. Zinali zolemba za Nelly, zilembo zake zopendekera zija. Inali nkhani ya pamishoni ina pamwamba pa phiri, m'masiku a atsamunda, ya mtsikana wochapa mabandeji dzina lake Tenesi ndi dokotala wina amene sankaoneka pagalasi. Tenesi ankadziwa bwino kuti dokotalayo anali womwa magazi a anthu, koma madzulo alionse ankakwerabe phirilo. Kope lomaliza linathera pakati pa chiganizo.

"Unkadziwa kuti amalemba?"

"Loweruka lililonse, akachoka kokonza m'tchalitchi," anatero Lusungu. "Ankati mudzawerenga inu mukadzabwera. Ankati ndinu nokha simungaseke."

Hezron anayang'ana kudenga. "Bokosi analiona anthu, liyenera kutuluka mawa. Tiikamo mabulangete. Zam'katizi sindizikhudza ine. Mwini lumbiro ndinu, anandiuza yekha malemu."

Anatuluka. Lusungu anabweretsa dengu, nalikhazika pafupi ndi mayi ake aang'ono, pamwamba pake pali zovala zakuda zoti abisire.

"Sindikukukakamizani, amama. Kungoti nyumba ino ndigonamo ndekha."

Dzuwa linali likadali pamutu pamene Isabella anadutsa pakati pa azimayi oimba aja, dengu lili m'chiuno. Wina anamuyamikira. "Yewo chomene, anthu a kunja ena sagwira zochapa." Iye anangogwedeza mutu.

Kuseri kwa bafa kunali mgolo wa madzi osamba a alendo, moto ukulilima pansi pake. Anakhala pachitsa, natulutsa buku loyamba, lija la mano akuthwa. Linatseguka lokha pamene linkatsegulidwa kawirikawiri. M'mbali mwa tsambalo munali inki yofiira, yomwe Nelly ankalembera zotsatira za odwala.

"Bodza. Munthu wotaya magazi ochuluka chonchi sangavine. Mpatseni madzi a mchere ndi shuga, agone."

M'munsi mwake, pamene mkazi uja ankatsegulira yekha mwamunayo windo, Nelly anadula mzere kawiri n'kulemba timawu ting'onoting'ono: "Koma apa walemba bwino."

Isabella anawerenga kawiri. Anasuntha chikuni chimodzi kuti papezeke malo, nalowetsa bukulo pansi pa mgolo. Makope aja anawaika pamotopo pomaliza, limodzilimodzi, kuyambira loyamba.