Bedi Limene Ankakankhirana

"Ndimange tayi, Newton. Alendo ali pafupi."

"Ababa, anti Lettie anena kuti musadzuke. Akupezeni chigonere."

"Lettie ndi nesi, ine ndine mphunzitsi. Tenga tayi."

Zala za abambo anga zinali zitatupa moti mabatani a shati sankawamveranso. Chilimwe chonse chinali chitawathera m'chipatala, pa wodi imeneyo. Madokotala adanena kalekale kuti mtima ndi impso zatopa, chipatala chachita mbali yake, munthuyu angathe kupita kwawo. Kunyumba n'kumenenso iwo ankalirira: kachipinda kathu kochezera ku Bradford, ku Mangalande kuno, ka zenera loyang'ana kumsewu, kumene ankakonda kukhala n'kumadandaula za ana a sukulu osapisira malaya. Chimene chinkasowa chinali bedi la odwala, lija lokwera ndi kutsika, ndi munthu wobwera kudzawatembenuza. Ofesi ya zaumoyo inkati imeneyo ndi ntchito ya ofesi yosamalira ovutika. Ofesi yosamalira ovutika inkati munthu wodwala chotero ndi wa a zaumoyo, ndiponso mapepala ake okhalira m'dziko muno sanatuluke. Tsiku limenelo ofesi iliyonse inkatumiza munthu wake kuti adzaone ndi maso kuti abambo anga ndi katundu wa yani.

Anti Lettie, mnzawo wa malemu mayi anga, ankagwira ntchito pa chipatala china ku Leeds ndipo ankazidziwa njira za kuno. Dzulo lake adandikokera pakhonde.

"Iwe, tamvera. Akaoneka odwala kwambiri, a zaumoyo alibe pothawira, bedi lituluka. Akaoneka bwino, basi, mwabwerera pa ziro. Usawamete, usawapese. Akafunsidwa, afotokoze tsiku lawo loipitsitsa."

Zonsezi ndidawauza abambo. Adandiyang'ana ngati mwana amene wagwidwa ndi likasa m'mayeso.

"Ndilandire alendo nditagona, ndevu zili nyankhalala, ngati munthu wopanda kwawo? Ine Overtone Nthanda?"

Ndidawameta. Ndidawaveka jekete pamwamba pa machubu, n'kuwatsamiritsa pa mapilo. Tayi ndidaimanga mokwiya, iwo n'kuiwongola okha.

Alendo adafika awiri, onse azimayi: wamkulu wa magalasi wochokera ku zaumoyo, ndi mtsikana wa tsitsi lofiira wochokera ku ofesi inayo. Adapatsana moni mokoma ngati akazi a mitala pamaso pa apongozi.

"Muli bwanji lero, bambo Nthanda?" adafunsa wa magalasi m'Chingerezi.

"Ndili bwino kwambiri, mayi, kaya inu? Mwayenda bwanji? Newton, alendo apatse mipando."

Ndidakoka mipando. Wa magalasi adawafunsa ngati amatha kudya okha. Adati amadya ngati mlimi. Ngati ululu umawavuta. Adati ululu ndi mnansi chabe, amapatsana moni m'mawa. Kenaka adakweza chala, chala chija chimene chidaopseza ana a sekondale ku Dedza zaka zonse zija asanathawe kwathu, ndipo ndidadziwa kuti kalasi yayamba.

"Inu awiri ndikukudziwani," adatero. "Ndinaphunzitsapo za inu mu Fomu 3. Inu mayi ndinu London. Inu mwanawe ndinu Zomba."

Adayang'anizana, osamvetsa.

"Bambo anga anali mesenjala pa boma lina m'nthawi ya atsamunda. Denga la ofesi linayamba kudontha. Bwana analembera ku Zomba, kulikulu la boma la Nyasaland. Zomba inati thumba lathu n'lobooka, ndipo ofesiyo imagwira ntchito ya mfumu ya ku Mangalande, choncho alipire a ku London. London inayankha kuti dziko lililonse lizidzidyetsa ndi msonkho wake. Sitinapite kumeneko kukataya chuma. Kalata inkakwera sitima ya pamadzi, kupita, kubwera, mvula osadikira. Zomba inati chabwino, tigawane pakati. London inafunsa kuti pakati pa chiyani, malata okha kapena ndi misomali yomwe?"

Mtsikana uja adaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Dzinja lililonse ntchito ya bambo anga inali kukoka tebulo la bwana kuchoka pamene pakudontha kupita pamene padonthe mawa. Koma yunifolomu yawo, mayi, inkasitidwa tsiku ndi tsiku. Mvula inkawapeza ali aukhondo."

"Nanga dengalo analikonza?" adafunsa mtsikanayo.

"Linagwa. Litagwa, London ndi Zomba anagwirizana tsiku lomwelo: anthu a m'midzi abwere ndi mitengo ndi udzu."

Adalankhula nthawi yaitali, Chingerezi chosalala, chaka chilichonse pamalo pake. Azimayiwo ankaona tayi ndi chala chokwezedwa. Ine, poti ndidakhala chakumapazi, ndinkaona dzanja linalo litagwira chitsulo cha bedi mpaka zikhadabo kuyera, ndi chinyezi chimene chinkafalikira pang'onopang'ono pa nsalu yogonera. Wa magalasi ankangolemba, akumwetulira.

"Akunama!" ndidaphulika. "Dzulo lomweli samatha kumeza madzi. Amandiitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Tavundukulani bulangetilo muone!"

"Newton." Sadakweze mawu. Adanena m'Chichewa, kuti alendo asamve manyazi athu. "Akulu akulankhula."

Palibe amene adavundukula bulangeti. Alendo adathokoza, adati sadakumanepo ndi wodwala wosangalatsa chotero, ndipo adatuluka limodzi akukambirana za mabasi.

Chitseko chitangotsekeka, abambo adakhwefuka ngati thumba lotsitsidwa pa njinga. Mpweya unkalira m'khosi. Ndidamasula tayi ija, ndidakoka katani, n'kuyamba kuwasintha zovala.

"Ndaphunzitsa bwanji?" adanong'ona.

"Mwakhoza, ababa. Mwakhoza mpaka mwatilepheretsa."

"Wamng'ono uja amamvetsera. Ali ndi mutu." Adapuma kaye. "Ngati iwe. Ubwerere ku koleji, wamva? Sindinakubweretse kuno kuti uzidzatsuka matako a nkhalamba."

"Mukatuluka ndibwerera."

"Ndiye tonse tili pa wodi," adatero, n'kutseka maso.

Yankho lidabwera monga adanenera anti Lettie. A zaumoyo adati bambo Nthanda maganizo awo ali bwinobwino, amakhala tsonga, amacheza. Sadafike pa mlingo wawo. Ofesi inayo idati siikugwirizana nazo, ichita apilo. Masamba a mitengo ya pabwalo la chipatala adafiira, adayoyoka. Ine ndinkakwera basi yomweyo m'mawa uliwonse, kudutsa pa geti la koleji nditayang'ana kumbali inayo. Abambo adasiya kufunsa za kunyumba. Adasiyanso kuitanitsa jekete.

Adamwalira masana ena, kuseri kwa katani ya buluu, wailesi yakanema ya wodwala mnzawo ikuulutsa mpikisano wa mahatchi.

Maliro tidakhalira kunyumba kwathu. A ku tchalitchi adabwera kuchokera ku Leeds ndi ku Manchester. Tidatulutsa mipando kuti azimayi akhale pansi m'chipinda chochezera, azibambo atadzazana m'khitchini ndi pa masitepe. Nyimbo ili pakati, kudamveka kugogoda. Pakhomo padaima vani yoyera ndi azungu awiri ovala maovolosi.

"Bedi la bambo Nthanda," adatero wamkuluyo mosangalala. "Pepani mwadikira. Akuti maofesi agwirizana kugawana mtengo wake."

Anti Lettie adaimirira, chitenje chili m'manja, mkwiyo utafika kale pamilomo. Ndidawagwira mkono.

"Alowe," ndidatero.

"Newton, wapenga?"

"Ndi la abambo. Alowe."

Azimayi adafupikirana kukhoma, akukoka miyendo ndi zikwama. Azungu aja adayamba kuzindikira kuti alowa pa chiyani, koma zitsulo zinali zili kale m'nyumba, ndipo palibe amene adawauza kuti asiye. Adalumikiza mwakachetechete, makutu atafiira, pafupi ndi zenera pamene ndidawalozera. Mayi wina adayambitsanso nyimbo chapansipansi, ena n'kulandira.

"Tiyenera kuliyesa tisanapite," adanong'ona wamng'onoyo, osandiyang'ana. "Ndi lamulo."

Adadina batani. Injini idang'ung'uza pansi pa nyimbo, ndipo bedi lopanda munthu, matiresi akadali m'pulasitiki, lidayamba kudzuka chakumutu pang'onopang'ono, mpaka lidakhala tsonga pamaso pa anthu onse, litayang'ana kumsewu.