Kachipangizo Kanga ndi Manda a Bambo

Nditapuma pantchito ndinagula njinga yopepuka moti umatha kuinyamula ndi zala ziwiri, ndipo mwezi usanathe ndinaigulira kachipangizo kolozera njira, kaja komangirira pa handulo. Kukula kwake n'chimodzimodzi sopo wosambira wogwiritsako kale ntchito. Ukakauza komwe ukupita kamajambula muvi pa mapu, ndipo kamalira kuti ti-ti ukayandikira pokhota. Ukalakwitsa njira sikakalipa, kamangoganizanso n'kukupatsa ina. Mkazi wanga Su-luan ankati n'chifukwa chake ndinkakamvera kuposa iye, ndipo sindinkatsutsa kwenikweni.

Tisanamizane, kankagwira ntchito. Anzanga a m'gulu lathu la madoda opalasa m'mawa kuno ku Taichung ankadandaula kuti zawo zimawalowetsa m'minda ya mpunga, zina zimasokonezeka zikalowa pakati pa nyumba zazitali, koma kanga sikanandisocheretsepo. Basi ndinasanduka mlaliki. Munthu akangolakwitsa n'kundifunsa kuti kameneka n'kachiyani, tiyi wake ankachita kuzizira ine ndikufotokoza za masetilaiti.

Amene sankatekeseka nako ndi achimwene anga a Ching-chuan, omwe anatsala kumudzi ku Yunlin n'kumalima adyo. Bambo athu anamwalira ine ndisanayambe sukulu, ndipo anaikidwa pa phiri la manda kuseri kwa tauni ya Linnei. Chaka chilichonse pa Ching-ming, tsiku losesa kumanda, achimwene ndi amene ankatsogolera. Phirilo manda ake ndi othithikana, onse omangidwa mofanana ngati mipando ya ndikhale bwino, miyala yambiri ili ndi dzina la mtundu wathu, ndipo udzu umakula kupitirira munthu chaka chisanathe. Koma achimwene ankadutsamo ngati akupita kukhitchini kwawo, ine pambuyo ndikudandaula za udzudzu.

Chaka chatha ankaimaima kuti apume. Titamaliza kusesa anandiuza kuti ndiyang'anitsitse njira potsika, chifukwa miyendo yawo inkatha. Ine ndinaseka, n'kuwauza kuti zoloweza mitengo ndi miyala zinatha kalekale. Njinga ndinali nditakwera nayo paphewa mpaka pamwamba, poti njinga yotero siisiyidwa pamsewu. Ndinapita pomwe inali, n'kudina batani, kachipangizo n'kusunga malowo. Ndinawapatsa dzina loti Bambo. Achimwene anakayang'ana, n'kundiyang'ana ine, kenako analavulira kumbali.

M'nyengo yozizira anadwala sitiroko. Mbali yakumanja inafa, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi, mochita kukoka. Ching-ming itayandikira, mwana wawo Yu-chiao anandiimbira foni kuti bambo ake asiya kudya bwino. Ankangoloza chakuphiri. Nkhawa yawo inali yoti iwo akalephera kukwera, manda a bambo athu asowa m'tchire muja mpaka kalekale, chifukwa wina wodziwa njira panalibe.

"Uwauze adye, akhute," ndinatero. "Agogo ako ndili nawo pa handulo."

Tinagwirizana kuti Yu-chiao awabweretse pagalimoto mpaka m'munsi mwa phiri, ine ndikwere ndekha, ndisese, ndijambule chithunzi n'kudzawaonetsa. Ndinanyamuka m'mawa, chikwama kumsana. Munali mazira owiritsa, makeke obiriwira a mpunga, lubani, mapepala achikuda oika pamtumbira ndi kachikwakwa. Magalasi owerengera ndinawasiya dala, poti wopalasa weniweni sanyamula katundu wopanda pake, ndipo muvi wa kachipangizo ndimauona ngakhale popanda iwo. Ulendo wonse kananditenga bwinobwino. Kanandilambalalitsa misewu ya malole, n'kundidutsitsa m'tinjira ta m'mphepete mwa ngalande tomwe sindinkadziwa kuti tiliko, mpaka kundiwolotsa mtsinje wa Choshui. Ndinafika ndikudzimva ngati ndine ndinakapanga.

Ndinawapeza atafika kale. Achimwene anali pampando wakutsogolo, zenera lotsegula. Atandiona anakweza dzanja lamanzere n'kuloza kumtunda, milomo ikuvutika kuti itulutse kena kake kokhudza mtengo. Sindinawadikire kuti amalize. Ndinapotokola kachipangizo pa handulo, n'kukagwedeza pamaso pawo, njinga n'kuisiya pambali pa galimoto.

Ndinakwera ndi nsapato zanga za njinga, zija zokhala ndi zitsulo kunsi, ndikuyenda ngati bakha. Kachipangizo kanali m'manja, ine maso pa muvi. Kanandilowetsa m'udzu, kanandikhotetsa uku ndi uku, kenako kanalira mokondwa kuti tafika. Patsogolo panga panalidi manda. Ndinapukuta ndere pamwala, n'kuona chilembo chachikulu cha dzina la mtundu wathu. Zilembo zing'onozing'ono za m'munsi zinkangooneka ngati nyerere, koma sindinavutike nazo. Masetilaiti anali atanena kale.

Ntchito ndinaigwira, pamenepo ndiye asanditsutse munthu. Ndinamweta udzu mpaka m'manja munatuluka matuza, ndinazula zitsamba, ndinasesa ndi nthambi, n'kuyala mapepala achikuda pamtumbira ponse, lililonse ndi kamwala kake. Ndinaika zakudya, n'kuyatsa lubani, n'kugwada. Ndiye ndinayamba kulankhula. Ndinawauza bambo kuti mwana wawo wamkulu sangathenso kukwera, kuti dzanja lija linkanyamula matumba a adyo silingagwirenso supuni, ndiponso kuti ine ndili ndi mantha. Sindinali nditauzapo munthu aliyense zimenezi, ngakhale Su-luan. Ndinalira zenizeni, mamina ndi thukuta zonse pamodzi.

Patapita kanthawi ndinatulutsa ndalama ziwiri zachitsulo kuti ndifunse ngati akhuta. Ina ikagwa chagada ina chafufumimba, ndiye kuti avomera, mukhoza kuchotsa mbale. Ndinaponya, zonse zinagwa mofanana. Ndinadikira, n'kuponyanso. Anakananso. Ndinaponya mpaka ndinayamba kupsa mtima.

"Bambo, mazira ake ndi omwewa chaka chilichonse," ndinatero. "Lero mwatani?"

"Pepani bambo," anatero mawu kumbuyo kwanga, "inuyo ndinu ndani wawo amuna anga?"

Ndinacheuka. Panali mayi wachikulire wovala chipewa chachikulu cha dzuwa, dengu m'manja. Maonekedwe ake, anali ataima pamenepo kwa nthawi ndithu. Anati dzina lawo ndi mayi Chung, ndipo manda ndinagwadirawo anali a amuna awo. Anati andimva ndikuwatchula kuti bambo kangapo konse, ndiye amafuna adziwe ngati pali zina zomwe malemuwo sanawauze.

"Komatu poona imvi zanuzo," anawonjezera, "ndiye kuti anakuberekani ali ku pulayimale."

Ine m'malo mochita manyazi ndinayamba kukangana nawo. Ndinawaonetsa kachipangizo, ndi dzina loti Bambo pomwepo, n'kuwafotokozera mwaulemu kuti zinthu zimenezi sizilakwitsa, mwina iwo ndi amene asokonezeka ndi udzu. Mayiwo sanakayang'ane n'komwe. Ankayang'ana kabudula wanga wothina uja, kenako nsapato, nkhope yawo n'kusintha pang'onopang'ono.

"Oho, ndinu aja. Chaka chatha munatsamiritsa njinga pa chiliza cha amuna anga, pamthunzi apa. Ndinakuyang'anani ndi diso loipa, koma inu munali kalikiliki kudina kanthu kanuko."

Kachipangizo sikanalakwitse ngakhale pang'ono. Ndinakauza kuti kasunge pomwe kanali, ndipo kanali pa handulo, ndipo handuloyo inali pamthunzi pomwe ndinabisa njinga kuti utoto wake usapse ndi dzuwa. Kanasunga malowo chaka chathunthu mokhulupirika, n'kundibweretsa pomwepo penipeni. Chitsiru m'nkhani yonseyi chinali chimodzi, chovala kabudula wothina.

Ndinawafunsa ngati akukumbuka pomwe achimwene anagwada tsiku lija. Anazunguza dzanja chakumtunda, kenako chakumanzere, n'kunena kuti iwo ankalondera njinga, osati anthu. Anandibwereka magalasi awo, ndipo ndinalowa m'udzu n'kumawerenga mwala uliwonse womwe ndaupeza. Ndinapeza anthu a mtundu wathu ambirimbiri, ena mayina ofufutika, koma bambo anga ayi. Dzuwa litafika pamutu ndinabwerera ndili zikandekande. Mayi Chung anandipatsa dengu lawo lonse, mapepala, lubani ndi nkhuku yowiritsa. Anati amuna awo adya kale zanga, ngakhale kuti ayenera kuti adya mokayikira, poti ali moyo sankakonda kudya kwa alendo.

Apa ndiye ndinaganiza nzeru ina yopusa kuposa zonse. Manda osesedwa bwino analipo, foni ndinali nayo, ndipo pachithunzi manda onse a phiri lija amafanana. Ndinadziuza kuti ndikuchitira chifundo munthu wodwala. Ndinajambula ndili chapatali, n'kutsika.

Achimwene anatenga foniyo ndi dzanja lamanzere. Sanaiyang'ane nthawi yaitali. Anaiika pamwendo, n'kutembenuzira nkhope kumbali, ndipo ndinaona msozi ukutsika mbali yakufa ija, pomwe sakanatha kuumva kuti aupukute. Akanandilavulira zikanakhala bwino. Ndinagwira chitseko cha galimoto n'kuwauza zonse, za njinga, za mthunzi, za mayi Chung, osabisa kanthu. Yu-chiao anapumira m'mwamba n'kunena kuti tibwerere kunyumba, adzafunsa achibale ena, mwina chaka chamawa tidzawapeza. Achimwene anamenya chitseko ndi chikhatho.

"Ayi," anatero. Liwu limeneli linatuluka lomveka bwino kuposa mawu onse omwe ndinawamva chidwalireni.

"Bambo aang'ono, musayerekeze," anatero Yu-chiao ataona ndikuvula nsapato. "Mugwa nawo, ndikhala ndi odwala awiri."

Koma ndinali nditagwada kale pakhomo la galimoto. Anawathandiza kukwera kumsana kwanga akung'ung'udza, n'kutimanga pamodzi ndi nsalu yomwe ankawafunditsa m'miyendo. Nditaimirira ndinadzidzimuka. Ndinali nditakonzekera kulemera kwa munthu yemwe ndinkamuopa moyo wanga wonse, koma kumsana kunali ngati ndabereka mtolo wa mapesi. Ndinamva chisoni chomwe sindinachimve ngakhale kuchipatala.

Tinayamba kukwera, ine ndi masokosi okha, Yu-chiao pambuyo ndi dengu. Poti mawu ankawavuta, achimwene anandigwira khutu lamanzere. Akalikokera kunja ndinkakhotera kumanzere, akalikankhira kumutu ndinkakhotera kumanja, ndipo ndikalakwitsa ankalipotokola. Amenewa sanali ngati kachipangizo kanga, kukalipa ankakalipa ndithu. Anthu otsika kuchokera kosesa ankatipatukira, ena n'kumaweramitsa mitu, ena n'kumayang'ana kabudula wanga. Tinadutsa pa amuna a mayi Chung, manda owala kuposa onse paphiripo, mayiwo atakhala pansi akusenda dzira langa.

Chakumtunda, pomwe udzu unali wowirira, dzanja lija linangoti zii. Silinakoke, silinakankhe. Ndinaima. Ndinkamva mpweya wawo m'khosi mwanga ndi mutu wawo ukutembenukira uku ndi uku, ndipo ndinazindikira kuti nawonso asokonezeka. Sindinayerekeze kuwafunsa kapena kuwafulumizitsa. Ngati njira inali itafufutika m'mutu umenewu, ndiye kuti inali itatha padziko lonse. Tinaima choncho mpaka Yu-chiao anayamba kulira motsitsa mawu kumbuyo kwathu. Kenako zala zija zinagwiranso khutu, mofooka, n'kundibweza pang'ono, kuseri kwa chitsa cha mtengo womwe winawake anaudula chaka chomwechi.

Bambo anali pamenepo, mwala wawo wokwiririka theka, wong'aluka pakona. Tinawakhazika achimwene pakhoma la manda, ine ndi Yu-chiao n'kumweta udzu iwo akutiloza pomwe tasiya. Tinayala mapepala a mayi Chung, n'kuika nkhuku yawo. Nditagwada sindinapeze chonena, poti mawu anga onse abwino ndinali nditawathera pa mwamuna wa mwini.

Lubani atatsala pang'ono kutha, achimwene analoza thumba la kumsana kwa malaya anga, momwe munali kachipangizo. Ndinakatulutsa n'kuwapatsa, ndikuganiza kuti akufuna akaponye kutchire, ndipo ndinali wokonzeka kuwathandiza kuponya. Anapukusa mutu, n'kumenya pamwamba pa mwala wa bambo ndi chikhatho.

"Ika apa. Dina."

"Achimwene, njira ndaiona tsopano. Ndailoweza."

"Mutu wako," anatero, n'kupukusanso wawo. Anasonkhanitsa mawu otsalawo movutikira. "Chaka chamawa... wokukoka khutu... kulibe."

Ndinakaika pamwala penipenipo n'kudina batani. Kenako ndinapempha Yu-chiao kuti aone ngati kavomera, chifukwa ine maso anga sankaonanso kanthu.