Foni ya Mphindi Zitatu

Kwawo ankamuitana kuti Chisamba poti ndiye anali woyamba kubadwa, ngakhale kuti womuponda pamutu sanakhalepo. Ku koleji kumene ankaphunzitsa mbiri yakale ankamutcha Dokotala. Chaka chimenecho anapempha tchuthi cha miyezi isanu ndi umodzi kuti alembe buku la Pulezidenti wakale, amene anali atamwalira zaka makumi atatu m'mbuyomo. Ena anali atalemba kale za malankhulidwe ake ndi za adani ake. Chisamba ankangofuna kudziwa mmene munthuyo ankathera tsiku: ankadzuka nthawi yanji, ankaonana ndi yani, ndipo nduna ankazidikiritsa pabenchi kwa nthawi yaitali bwanji.

Zonsezi zinali ku nyumba yosungira zolemba zakale za boma, kuseri kwa khoti. Chipinda chowerengera chinali ndi matebulo asanu ndi limodzi ndi fani yakudenga imene inkalira ngati ikudandaula. Chikwama chinkatsala pakhomo, cholembera cha inki chinali choletsedwa, munthu ankalowa ndi pensulo basi. Mabokosi ankabwera pa kangolo, atatu pa ulendo, wokankha ali mayi wa pakauntala, mzimayi wamagalasi okhuthala amene ankati iye yekha ndiye anatsala akugwirirabe ntchito Pulezidenti wakufa.

M'mabokosimo munali buku la tsiku ndi tsiku la kunyumba ya boma. Tsiku lililonse linali ndi masamba awiri kapena atatu otayipa: kumanzere nthawi, kumanja zimene Pulezidenti anachita. Ndipo amene anatayipa masambawo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anali bambo ake a Chisamba. Ntchito yawo inali kukhala pampando kunja kwa chitseko cha bwana, wotchi padzanja, kabuku pamwendo. Anzawo anawapatsa dzina loti a Mphindi, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka kutchalitchi.

Tsopano a Mphindi anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, maso atachita ng'ala, ndipo ankakhala kwa mwana wawoyo m'chipinda cha kuseri. Tayi ankamangabe m'mawa uliwonse, ngakhale ulendo wawo unali wothera pakhonde. Chiyambire sanali munthu wa nkhani. Chisamba anakula akuwadziwa ngati bambo wa nsapato zowala amene ankachoka iye asanadzuke. Koma buku lija linawamasula pakamwa. Akangomva geti kulira ankafunsa kuti lero wafika tsiku liti, ndipo akawauza, ankayamba kulakatula pamtima: kazembe wakuti analowa nthawi yakuti, anatuluka thukuta lili kamukamu, nduna yakuti inadikira maola anayi n'kuuzidwa kuti ibwere mawa. Nthawi zambiri sankaphonya. Akaphonya ankati fayilo ndi imene yalakwa, ndiye Chisamba ankawakumbutsa kuti fayiloyo analemba ndi iwo omwe. Ankaseka mpaka kutsokomola. Pa zaka zake makumi asanu, Chisamba anamva ngati wapeza kumene bambo.

Panali bokosi limodzi limene analilumpha dala. Anapitirira miyezi ya kutsogolo, n'kumadziuza kuti adzabwererako. Mayi wa pakauntala ndi amene anamukumbutsa, pepala loitanitsira lili m'manja, kuti chaka chija chili ndi dzino loguluka. Chisamba anachita manyazi kufotokoza, ndiye anangosayina.

Munali mmenemo mwezi umene amayi ake anamwalira. Iye anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi ake anali ndi pakati potopa, ndipo m'mawa wa Lachinayi lina anayamba kutaya magazi. Azakhali ake, mlongo wa bambo ake, anawathamangitsira kuchipatala, Chisamba akutsatira m'mbuyo ndi beseni poti panalibe womusiyira. Wani koloko itangodutsa, amayi ake anapita, khanda n'kupita nawo. Bambo ake anafika dzuwa litapendeka, bedi atayalapo kale nsalu zina. Nkhani imene banja lonse linkadziwa inali yoti mayi wolumikiza mafoni kunyumba ya boma anaukhalira uthenga mpaka faifi koloko. Mayiyo ankakhala mzere umodzi ndi iwo m'nyumba za antchito a boma, ndipo Chisamba anakula osamupatsa moni. Akakumana pampopi, ankayang'ana kumbali n'kulavula.

Anatsegula fayilo ya Lachinayi lija cha m'ma leveni. Inali yopyapyala, masamba awiri okha. Pulezidenti anadzuka 7:05. Kuyambira 9:30 mpaka 10:15 anali ndi wometa. 10:50 analandira telala wodzayeza suti. 11:35 anatsikira kudziwe la m'munda kukadyetsa nsomba. 12:50 anadya. Kuyambira 2:00 mpaka 3:40 anagona. Kunalibe mlendo wakunja, kunalibe msonkhano wa nduna, kunalibe pepala losayina. Pa masiku onse amene Chisamba anawerenga, limeneli linali limodzi mwa opanda kanthu. Ndipo mzere uliwonse unali wotayipa mwaukhondo, wopanda pofufuta.

Kuseri kwa masambawo anamatako ndi pini yadzimbiri pepala lina lolemba pamanja, mndandanda wa mafoni a tsikulo. Chisamba anawerenga ndi chala monga ankachitira masiku onse. 10:42, kuchokera kuchipatala chachikulu, kupita kwa kalaliki wa buku la tsiku, yayankhidwa, mphindi zitatu. M'munsi pang'ono: 12:55, kuchokera kuchipatala chachikulu, kupita kwa kalaliki yemweyo, yayankhidwa, mphindi imodzi. Faifi koloko kunalibe foni iliyonse.

Anakopera mizere iwiriyo m'kope lake, n'kulemba nambala ya bokosi ndi ya fayilo, poti dzanja linazolowera. Kenako anangokhala, akuyang'ana zilembo zozungulira bwino za mayi wa mafoni uja, amene iye anamulavulira zaka zonse zija. Mayi wa pakauntala anabwera kudzafunsa ngati atenge bokosilo, koma ataona nkhope yake anabwerera, n'kubwera ndi madzi m'kapu, chinthu choletsedwa m'chipindamo. Anati anthu ambiri amabwera kudzafuna Pulezidenti n'kupeza abale awo. Chisamba anathokoza, anamanga fayilo ndi chingwe chake, n'kutuluka dzuwa lili pamutu.

Sanakwere basi. Anayenda pansi kudutsa pamsika wa mipando, pagalaja, pasukulu pamene ana ankaimba matebulo a masamu, akukonza mawu m'mutu n'kumawagumula. Atafika kunyumba anapeza bambo ake pakhonde, wailesi ili pamwendo. Mkuluyo anadabwa kuti wabwera msanga, koma anafunsa funso lawo la masiku onse.

Chisamba anatchula tsiku, mwezi ndi chaka.

A Mphindi anazimitsa wailesi. Kenako anayamba ndi mawu otsika: wometa, telala, nsomba. Atafika pa nsomba anaima.

"Ndaona pepala la mafoni, bambo," anatero Chisamba.

"Analisunga?"

"Analisunga."

"Ndinayankha ndine," anatero a Mphindi. "Kawiri konse."

Chisamba anali atawakonzera njira zothawira, poti mtima wa mwana ndi wopusa. Anafunsa ngati anawakaniza kuchoka, ngati mkulu wa asilikali anatseka geti, ngati Pulezidenti anali atakwiya tsiku limenelo. Bambo ake anapukusa mutu pa zonsezo. Anati bwana anali wosangalala tsikulo, ankaseka ndi telala, mwina akanapempha akanawapatsa ndi galimoto yomwe. Palibe anawakaniza, chifukwa sanapemphe.

Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akuwerenga. Kalaliki amene iwo anamulowa m'malo anapempha masiku awiri okaika mbale wake, ndipo pobwera anapeza pampando pake pali a Mphindi, nyumba ya antchito imene ankakhala atapatsidwa sabata imodzi kuti atulukemo. Chithunzi cha katundu wa munthuyo ali panja, ana atakhalira matilesi, sichinawachoke m'mutu. Foni yoyamba itabwera anadziuza kuti akazi amachira tsiku lililonse, ndipo madokotala alipo. Yachiwiri itabwera, mlongo wawo anangonena kuti akukuitanani, bwerani. Anaika foni pansi, anavala jekete, anafika mpaka pachitseko cha chipinda chodyera, dzanja lili m'mwamba kuti agogode. Mkati anamva mbale zikulira. Anati adikire bwana amalize kudya.

"Atamaliza anakagona," anatero Chisamba. "Ola limodzi ndi mphindi makumi anayi. Kuchipatala unali ulendo wa mphindi makumi awiri."

"Ndinakhala pampando wanga kudikira kuti ndilembe nthawi imene adzuke."

"Nthawi imeneyo amayi anali atapita kale," anatero Chisamba.

"Ine sindinkadziwa. Choncho usandichepetsere mlandu. Ndinakhala ndikuganiza kuti ali moyo, akundidikira, ndipo ndinakhalabe."

Za mayi wa mafoni anati nzeruyo inali ya azakhali, amene anaipangira pakhonde la chipatala, kuti mwana wopanda mayi asakhalenso wodana ndi bambo ake. Iwo anavomera chifukwa inali yopepuka kunyamula. Mayi uja anamva zimene ankanenedwa, ndipo tsiku lina anawaimitsa pamakwerero a kuntchito n'kuwayang'ana m'maso. Sanawatsutse kwa munthu aliyense mpaka imfa yake. Azakhali nawonso anapita nacho chinsinsicho kumanda.

Chisamba sanakalipe. Analowa m'nyumba, anawaphikira tiyi monga mwa masiku onse, anawaikira kapu m'manja kuti asapse, n'kukadzitsekera kuchipinda. Masabata atatu otsatira nyumbayo inali ya anthu awiri aulemu. Mwadzuka bwanji, ndadzuka bwino. Mankhwala a m'maso ankawathirabe m'mawa ndi madzulo, atagwira chibwano chawo ndi zala ziwiri, akuyang'ana kukhoma. Kosungira zolemba kuja ankapitabe, koma pobwera geti linkalira popanda womufunsa kanthu. Nthawi zina ankalakalaka akanadzitchinjiriza, akananama pang'ono, kuti apeze pogwira n'kukangana nawo. Koma munthu wovomera zonse ndi wovuta kumumenya.

Loweruka lina masana akusita zovala pabalaza, bambo ake analowa akupapasa khoma, n'kukhala pampando wa pafupi ndi zenera. Anakonza tayi, anakhosomola, kenako anati ali ndi chopempha. Anati zaka makumi anayi ndi chimodzi sanafunsepo munthu zimene zinachitika m'chipinda cha kuchipatala chija, chifukwa wabodza safunsa mafunso, amaopa mayankho. Tsopano amene analipo onse anatha, watsala ndi iye yekha.

"Undiuze mmene linayendera tsiku la amayi ako."

Chisamba anaimika simbi. Iye amene ankadziwa nthawi imene Pulezidenti anametedwa tsiku limenelo, anafufuza m'mutu mwake n'kupeza zidutswa zokha. Ankakumbukira benchi yobiriwira ndi fungo la mankhwala okolopera. Ankakumbukira kuti namwino wina anamulowetsa kamodzi, mozemba, ndipo amayi ake anali otuwa milomo, tsitsi litamasuka mbali imodzi. Anamuuza kuti apisire bulauzi, asaoneke ngati mwana wopanda mwini. Anadandaula kuti asiya zovala pachingwe ndipo kukubwera mvula. Anapempha madzi, namwino anakana. Kenako anafunsa ngati bambo ake afika, ndipo azakhali anayankha kuti ali m'njira.

"Amayi ako anati chiyani?"

"Anati, ndiye mundikonze tsitsili."

A Mphindi anagwira mawondo awo ndi manja onse awiri. Funso limene linatuluka linali la ntchito yawo, poti lina analibe.

"Inali nthawi yanji?"

"Sindikudziwa, bambo. Panalibe wolemba."

Mkuluyo analira ngati mmene amalirira amuna amene sanazolowere, mapewa okha akugwedezeka, mawu osatuluka. Chisamba anaima kuseri kwa thebulo lositira, malaya a bambo ake ali m'manja. Sanapite kukawagwira. Koma sanatulukenso. Anadikira mpaka atatha, kenako anawauza kuti azakhali anawakonzadi tsitsilo, ndi chipeso chobwereka kwa mayi wa bedi loyandikana ndi lawo. Chimenechi anali atachiiwala zaka zonsezi, chinangobwera pamene ankalankhula.

Kuyambira tsikulo ankayankhulana pang'ono, koma za buku sanazikambenso. A Mphindi anadwala chibayo miyezi yozizira itayamba, ndipo anagonekedwa m'chipatala chomwe chija, ku nyumba yatsopano ya kumtunda. Chisamba anakhala pambali pa bedi lawo masiku asanu ndi limodzi osapita kwina. Anthu ankamuyamikira kuti ndi mwana wachikondi, ndipo iye sankadziwa ngati chinali chikondi kapena ankafuna kuwaonetsa mmene zimachitikira. Mwina zinali zonse ziwiri. A Mphindi anamwalira m'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri, iye atatuluka pang'ono kukatsuka kapu kumpopi wa panja.

Buku analimaliza chaka chotsatira, mochedwa ndi miyezi inayi. Atalipereka kwa osindikiza anabwerera ku koleji, kumene anapeza ofesi yake atasungiramo mipando yothyoka, ndipo anatha sabata yathunthu akupempha kuti aichotse.